Matiresi Opopa a Aphunzitsi Aja

Dzina langa ndinalitaipa ndekha. Linali pa nambala seventini, pakati pa mayi wina wogulitsa zitumbuwa ndi mkazi wa mlonda wa kutchalitchi. Amayi a tcheya, amene ankatsogolera amayi a chipani m'dera lathu ku Chilomoni, ankadziwa kuti ndili ndi satifiketi ya usekiletale, ndiye mapepala awo olemba pamanja ankandipatsa kuti ndikawataipire kuofesi nthawi ya nkhomaliro. Tsiku limenelo zala zinkangoyenda zokha monga anatiphunzitsira ku koleji, maso papepala, maganizo kwina. Ndinazindikira kuti ndadzilemba nditamenya kale chilembo chomaliza. Pamwamba panali mutu wake: amayi okagona ku kampu masiku khumi, kukonzekera magule a ku sitediyamu.

Papita zaka ziwiri tsopano. Izinso ndikuzitaipa pa makina omwewo, nthawi yomweyo ya nkhomaliro, popanda kaboni, ndipo simupezamo dzina la munthu. Amuna anga sadziwa zonse zimene zili muno. Ndikulemba chifukwa zikundilemera, ndipo palibe amene ndingamuuze.

Munali mu Juni. Mwana wanga, wamkazi, woyamba, anali ndi miyezi inayi. Anabadwa pa opaleshoni, ndipo mu Meyi anadwala chibayo, tinagona naye m'chipatala pafupifupi sabata, nthiti zake zikulowa ndi kutuluka ngati za kamwanapiye. Potitulutsa, anesi anandigwira dzanja. Anati, "Mayi, mwana uyu asagone pozizira. Chikabwereranso chibayochi chaka chino, ine sindikulonjezani kanthu." Mawu amenewo ndinkadzuka nawo, ndinkakwera nawo basi. Ndinkamuika khutu pachifuwa kangapo patsiku, mpaka amuna anga anayamba kundiseka kuti ndikusaka siteshoni pa wailesi. Masana ankatsala ndi amayi eninyumba, akumunyengerera ndi kaphala kamadzi, koma botolo ankalikana, ndipo popanda bere sankagona. Kumusiya masiku khumi kunali kosatheka.

Madzulo ndinapita ndi mapepalawo kwa amayi a tcheya. Ndinawapeza pakhonde akudula nsalu za chipani, zija za nkhope ya Wamkulu, akusamala kuti sizasi isadutse pamutu pake. Ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Wataipa bwino, mwananga. Ngati za ku boma."

"Zikomo amayi. Koma ndimati ndidandauleko pang'ono. Mwana uja wangotuluka kumene m'chipatala."

"Khadi unamugulira?"

"Ndinamugulira akadali m'mimba. Munandigulitsa ndinu, amayi."

"Ndiye ndi membala. Membala satsala. Ubwere naye, azidzamvera ng'oma." Anaseka, kenako anasiya kudula. "Kapena satifiketi yakoyo ikukuuza kuti kuvina ndi kwa ife osaphunzirafe?"

"Ayi ndithu, amayi."

"Ndimayesa. Pajatu pamzere panu paja mwaonapo kale zinthu."

Ndinadziwa zimene ankanena. Nyumba yogundana nafe khoma munkakhala aphunzitsi ena a sekondale ndi akazi awo. Chaka chapitacho, Lachiwiri lina masana, kunabwera galimoto yopanda chizindikiro. Amuna awiri analowa, natuluka ndi aphunzitsiwo atavala mapatapata. Mpaka lero sindidziwa chimene ananena, kapena ananenera pamaso pa yani. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linatha pamzere pathu. Tinkangoti "aja". Akazi awo anakhala mwezi umodzi osapatsidwa moni pampopi, kenako anabwerera kumudzi.

Kampu inali sukulu ina ya pulayimale ku Zingwangwa. Ana ankawabweza kwawo, madesiki n'kuunjikidwa pakona, amayi n'kumagona pasimenti. Kwathu sikunali kutali, koma sankalola kugona kunyumba poopa kuti m'mawa ena sadzaoneka. Ndinali nditagonako chaka china ndisanakwatiwe, ndiye simenti ya mu Juni ndinkaidziwa. Imadutsa mphasa, imadutsa chiguduli, imakupeza m'mafupa. Mawindo ambiri analibe magalasi, ndipo chiperoni chikagwa nkhungu inkalowa m'kalasi ngati nayonso ili pa mndandanda.

Loweruka tinayala zonse pansi m'chipinda chathu, ine ndi amuna anga, n'kuyamba kuyesa. Mphasa yokha, ayi. Mphasa ndi makatoni kunsi kwake: anabweretsa awiri kuchokera kusitolo ya zitsulo kumene amagwira ntchito ku Limbe, koma makatoni amamwa chinyezi, ndipo thewera likangodontha kamodzi, basi atha. Matiresi athu a thonje tinayesa kuwapinda n'kuwamanga ndi chingwe. Anali olemera ngati mtembo, ndipo pa lole ankalola kamtolo kamodzi kokwana pamutu. Ndinagona pa chilichonse, kudzuka, kuika dzanja pansi, kugonanso. Amuna anga anati ndikusankha bedi ngati mkwatibwi. Sindinaseke. Kenako anayang'ana kunsi kwa bedi.

"Zilipo zija," anatero motsitsa mawu.

Tsiku limene akazi a aphunzitsi aja ankanyamuka, anandipatsira kamtolo kuseri, pamwamba pa mpanda wa bafa. Ndinali ndi pakati. Anati, "Sindingathe kunyamula zonse. Mwana akadzabadwa azidzagonapo." Ndinalandira ndikuyang'ana uku ndi uku, ndipo zikomo wanga ngakhale ine sindinamumve. Anali matiresi a mphira, opopa, abuluu. Aphunzitsiwo anapatsidwa ndi mzungu wina amene ankakwera naye phiri la Mulanje pa holide. Akapindidwa ankachepa ngati kabulangete ka mwana. Pakona imodzi panali chigamba chofiira, chozungulira, chodulidwa ku chubu cha njinga. Ndinawaika pansi penipeni m'sutikesi ya kunsi kwa bedi, ndipo sanatulukemo mpaka Loweruka limenelo.

Katundu wa munthu wotengedwa sanali katundu wamba. Anthu ankawotcha makalata, zithunzi, ngakhale buku lobwereka. Kupezeka ndi chinthu chake kunali ngati kunena kuti unkadya naye.

"Ndani angawadziwe?" anatero amuna anga. "Mphira ndi mphira."

"Nanga akafunsa?"

"Mudzati tinagula."

"Kuti?"

Anangotulutsa matiresiwo, natsegula kachivindikiro n'kuyamba kuuzira ndi pakamwa. Anauzira mpaka maso kufiira, nakhala pansi akuti nyumba ikuzungulira, matiresi atangotukuka pang'ono ngati chitumbuwa chopanda soda. Ine nditayesa, bala la opaleshoni linakoka ngati wina akusolola ulusi. Anapuma, anauziranso, anapumanso. Zinatenga ola. Kenako ndinayala nsalu n'kugoneka mwana. Anatambasula timanja, matiresi anamulandira, ndipo posakhalitsa anagona. Ndinalowetsa dzanja pakati pa msana wake ndi mphira. Panali pofunda. Pansi pa matiresi simenti inali ngati madzi a m'mawa, koma pamwamba panali pofunda. Pomwepo mtima wanga unasankha, ndipo mantha ena onse ndinawauza kuti adikire.

Vuto linatsala limodzi. Ku kampu m'mawa uliwonse zogonera zinkapindidwa n'kuunjikidwa kukhoma kuti akuluakulu akayendera apeze m'kalasi moyera. Ndiye ndinayenera kupopa tsiku lililonse, ndekha, ndipo pakamwa sindikanatha. Tinayesa pampu ya njinga ya amuna anga, koma kamwa la matiresi linali lalikulu, mpweya unkangothawira m'mbali.

Pafupi ndi msika, pansi pa mtengo wa mango, panali bambo wina wachikulire wokonza njinga, Myao, wovala mzuli woyera nthawi zonse. Aliyense ankawatcha ambuje. Lolemba nditaweruka ndinakulunga matiresi m'nsalu, kuika m'dengu, pamwamba kuphimba ndi mpiru, pampu m'manja. Ndinadikira mpaka munthu amene ankamatitsa tayala atachoka.

"Mwaswera bwanji, ambuje?"

"Ndaswera, mwanangu. Pampu mwabwera nayo, njinga mwaiwala kunyumba?"

"Si njinga."

"Nanga mukufuna kupopa chiyani? Ndege?"

Ndinasuntha mpiru n'kuwaonetsa kamwa lokha la matiresi. Iwo, monga amachitira amisiri, sanakhutire ndi kamwa. Anakoka kona kuti aone mphira yake, ndipo chigamba chija chinatuluka. Anachisisita ndi chala chachikulu, kuzungulira m'mphepete mwake.

"Chigamba ichi ndi changa," anatero.

Kenako anabwezera nsalu pamwamba, nayang'ana kumsika, nayang'ana mwana amene anali kumbuyo kwanga.

"Mwini wake ankati kuphiri kuli minga yosaoneka. Ndinamata kawiri, koyamba sichinagwire." Analoza mwanayo. "Ndi za kamwanaka?"

Ndinawafotokozera za chibayo, za kampu, za simenti. Sanafunse china. Anadula valavu ku chubu chakale, naisomeka m'kapaipi kakafupi, n'kuyamba kukulunga ndi timizere ta mphira, mzere pamwamba pa mzere, mwaukhondo ngati akuluka tsitsi la mwana, akuyesa pa kamwa la matiresi mpaka zinagwirana. Anaviika polumikizapo m'beseni lawo la madzi akuda, napopa kangapo, kuyang'ana thovu. Panalibe.

"Muzipopa mosafulumira. Mukafika mazana awiri, mwamaliza. Koma tamverani, mwanangu. Chikopa cha m'kati mwa pampuyi chauma. Lero ndadontheza mafuta, mawa adzauma. Muzidontheza a kukhitchini omwewa, dontho limodzi. Mukapanda kutero idzalira, mudzaitana mudzi wonse." Nditafuna kutsegula kachikwama anakankha dzanja langa. "Ndi za mwana. Chigambacho muzichigoneka pansi."

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa pa lole, tikuimba, mphepo ikutidula kumaso. Ndinalongedza matewera, shawelo, mankhwala a chifuwa, sopo, pampu yokulunga m'bulangete. Mafuta ndinaiwala. Ndawerengapo kambirimbiri zimene ndinatenga tsiku limenelo, ndipo kabotolo kaja ndimakaona pamene ndinakasiya, pawindo, pafupi ndi machesi.

Tsiku lonse tinavina pabwalo la sukulu, kubwereza sitepe imodzimodzi mpaka fumbi kulowa m'mano. Dzuwa litapendeka anatigawa m'makalasi. Ndinathamangira pakona, kuseri kwa madesiki ounjikidwa, kutali ndi windo. Ndinayala matiresi, chigamba pansi, kusomeka kapaipi, kugwada, n'kukankha. Pampu inalira. Sikunali kulira kwa pampu imene mumaidziwa. Kunali fwii, fwii, kokweza, ngati kanyama kopanidwa pachitseko, ndipo m'kalasi yopanda siling'i phokosolo linkakwera kumalata n'kubwerera.

"Ee! Ndani akupha nkhumba kuseriko?"

"Ndi asekiletale. Akutaipa bedi."

"Achemwali, mukamaliza mudzandipopeko kumbuyoku, kunaphwa ndi ana seveni."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Inenso ndinaseka, ndikuwerengera m'mtima, sikisite, sikisite wani, ndikupemphera kuti ndifike mazana awiri msanga. Amayi anazungulira madesiki kudzaona. Ena ankadina ndi chala, ena ndi chigongono. Mayi wina wonenepa anapempha kukhalapo, anzake anamugwira kuti angaphulitse, tingathawe tonse poganiza kuti nkhondo yayamba. Kenako wina anati, "Kunsiku kuli bwanji?" Ndisanatambasule dzanja anali atawatembenuza kale.

Onse ankasekabe kupatula mmodzi, mayi wa zitumbuwa uja, wa nambala sikisitini. Nyumba yake inayang'anizana ndi mzere wathu, ndipo chingwe cha akazi a aphunzitsi, chimene ankayanikapo matiresiwo amuna awo akabwerako kuphiri, chinkaonekera pakhomo pake. Anayang'ana chigamba chofiira nthawi yaitali.

"Abuluu," anatero. "Okongola."

Anabwerera pamphasa pake.

Mwana anagona usiku wonse osatsokomola. Ana a anzanga ankalira ndi kuzizira, wanga ali phee, kamlomo kali yasa. Ndinene zoona: ndinanyada. Ndinadziona wochenjera kuposa onse m'kalasi muja.

Tsiku lachiwiri ndinafuna kukapempha mafuta kwa ophika, koma anali amayi a dera lina, ndipo ndinaopa mafunso. Ndinayesa malovu, sizinathandize. Madzulo pampu inaliranso, ndipo ndili cha pa handiredi, pawindo panaima anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, amene ankalondera pageti.

"Makina akulira munowa ndi a chiyani?"

Masiku ano, monganso nthawi imeneyo, mphekesera sizisowa za anthu amene amati ali ndi makina olankhulira ndi zigawenga za kunja. Palibe amene anawaonapo makinawo, ndiye palibe amene amadziwa kalilidwe kake. Chilichonse cholira mwachilendo kuseri kwa khoma chikhoza kukhala chomwecho.

"Ndi pampu ya njinga, ana inu," anatero mayi wonenepa uja. "Simunaionepo? Kapena kwanu mumakwera mbuzi?"

Amayi anaseka. Anyamatawo sanaseke. Mmodzi anasuzumira, kuyang'ana ine, kuyang'ana kapaipi, n'kuchoka. Mpaka lero sindidziwa amene anakanena, kaya ndi iwo, kaya ndi mayi wa zitumbuwa, kaya onse. Mayiyo ndimagulabe zitumbuwa zake. Kusiya kugula kungakhale kunena kanthu.

Tsiku lachitatu, cha m'ma teni, tili pakati pa gule, amayi a tcheya anandigwira phewa. "Akukufuna ku ofesi ya ahedi." Sanandiyang'ane kumaso. Ndinamangitsa nsalu ya mwana n'kuwatsatira, ng'oma zikulirabe kumbuyo.

Pampando wa ahedi, pansi pa chithunzi cha Wamkulu, panakhala bambo wina wa suti yotuwa amene sindinamuonepo. Sananene dzina lake kapena kumene wachokera. Patebulo panali matiresi anga opindidwa, chigamba pamwamba, pampu pambali. Anali munthu waulemu. Zimenezo ndi zimene zimandiziziritsa thupi kwambiri ndikakumbukira.

"Khalani, mayi. Mwatopa ndi kuvina. Mwanayo ali ndi miyezi ingati?"

"Inayi, bwana."

"Akuyamwa?"

"Eya, bwana."

"Wokongola." Anatenga pampu, naikankha kamodzi. Inalira. Anamwetulira. "Anyamata athu amati ndi wailesi. Ndawauza kuti apite kusukulu. Koma ichi," anaika chala pa chigamba, "mwini wake tikumudziwa. Ali kwa ife. Chimene sitikudziwa ndi njira imene chayenda kuti chifike kwa inu. Mwina akazi ake amakulemberani makalata? Mwina amuna anu ankacheza naye madzulo? Khoma limodzi, eti?"

Ndinakonza mfundo ya nsalu ya mwana paphewa.

"Musafulumire. Kungoti kumene timapita ndi anthu kulibe malo a ana. Muli naye womusiyira?"

Anafunsa ngati munthu wofunsa nthawi. Mwana anali atadzuka, akundikanda pakhosi ndi tizikhadabo take, akufuna bere. Ndinkamva kupuma kwake pamsana panga. Ndinaona botolo limene amalikana. Ndinaona amayi eninyumba akuyesa kumumwetsa phala iye akubweza, tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ndikanati anandipatsa akazi a aphunzitsi, ndiye kuti ndine mnzawo wa banja lija, amuna anganso chimodzimodzi, ndipo galimoto ikanapita mpaka kumudzi kwa mayi uja. Ndinakumbuka mawu a amuna anga akuti mudzati tinagula, ndi funso langa limene sanaliyankhe. Maso anga anagwera pa timizere ta mphira tija, tokulungidwa mwaukhondo.

"Ndinagula, bwana."

"Kuti?"

"Kwa okonza njinga. A kumsika kwathu."

Palibe amene anandimenya. Palibe amene anakweza mawu. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa nthawi zina ndimadzinamiza kuti anandikakamiza.

"Ndi amene anakuikirani kapaipi aka?"

"Eya, bwana."

"Iwo anachipeza kuti?"

Apa ndinaganiza kuti ndiwathandize. Ndinati mwini wake anasiya kuti amumatire, sanabwerenso kudzatenga, ndiye ambuje anangofuna kuti chichoke pamalo pawo. Ndinaona ngati bodza limeneli ndi lofewa, lopanda mlandu. Bamboyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chaka chathunthu akusunga katundu wa munthu uja, osauza boma." Anatulutsa kabuku m'thumba la jekete. "Pansi pa mtengo wa mango paja?"

Sindinawauze za mtengo. Ankaudziwa kale. Ndinangovomera ndi mutu. Analemba mizere iwiri, ndipo ine, ndi chizolowezi cha ntchito yanga, ndinaona kuti ali ndi dzanja labwino.

"Pitani mukavine, mayi. Muyamwitse kaye mwanayo."

Amayi a tcheya ananyamula matiresi ndi pampu. Anati zikhala kwa iwo mpaka boma litanena. Madzulo omwewo anandiitanitsa m'kachipinda ka aphunzitsi kamene ankagonamo okha.

"Asekiletale, pampu yanu ija yatikana. Ikumvera inu nokha."

Ndinagwada, mwana kumbuyo, n'kusomeka kapaipi. Itangolira kamodzi anatseka makutu, natuma munthu kukhitchini kukatenga mafuta pa supuni. Dontho limodzi. Pampu inakhala chete, inkangopuma ngati munthu wagona. Masiku asanu ndi awiri otsalawo ndinkapita madzulo aliwonse kukapopa mazana awiri, iwo atakhala pampando akundiuza kuti msana wawo sunamvepo bwino chonchi chibadwire cha mwana wawo womaliza.

Mwana wanga ankagona pa ine. Ndinkakhala pamphasa, kutsamira madesiki, kumumanga kutsogolo ndi nsalu, shawelo pamwamba, bulangete kukutira tonse awiri. Matako ankachita dzanzi, bala linkakoka, koma iye simenti sanaikhudze. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatsokomola katatu, ine n'kumuika khutu pachifuwa. Sichinapitirire. Amayi a m'kalasi anasiya kundiseka, anasiyanso kukhala nane pafupi, kupatula mayi wonenepa uja amene tsiku lina anandiponyera chiguduli chake.

Za ku sitediyamu sindikumbuka zambiri. Tinavina, tinaimba, tinalulutira pamene tinauzidwa. Lole inatitsitsa pamsika pathu madzulo. Pansi pa mtengo wa mango panalibe munthu. Panatsala banga lakuda la mafuta pansi, ndi njerwa ziwiri zimene ambuje ankakhalira. Ndinafunsa mayi wogulitsa tomato pafupipo, ngati munthu wofuna kumatitsa tayala.

"Anasamuka," anatero, akukonza milu imene inali yokonzeka kale.

Amuna anga ndinawauza kuti amayi a tcheya anasirira matiresi n'kundilanda. Anatukwana chapansipansi, kenako ananyamula mwana, namuika khutu pachifuwa monga ndinkachitira ine. "Bola mwabwera nonse," anatero. Anadandaula pampu yawo sabata yonse.

Ndinayamba kudutsa njira ya kuchigayo popita kubasi, ngakhale ndi yozungulira. Julaye anatha, Ogasiti, Seputembala. Chibayo sichinabwerere. Mwana anayamba kukhala, kenako kukwawa, ndipo chilichonse chatsopano chimene ankachita ndinkachiona ngati ngongole yanga kwa ambuje a pa mtengo uja.

Mu Okutobala, kukutentha, ndinamva amayi eninyumba akuuza mnzawo kuti okonza njinga aja abwerera. Ndinapitirizabe kuzungulira masabata awiri. Loweruka lina ndinafunika kukagula makala, ndipo ogulitsa makala ali kuseri kwa mtengo womwewo. Ndinati ndidutse mofulumira, nkhope kumbali.

"Mwanangu."

Ndinaima. Anali pa njerwa zawo, mzuli womwewo, koma unkaoneka waukulu pamutu. Anali ataviika chubu m'beseni. Zala ziwiri za dzanja lamanja sizinkapinda, ankagwira chubucho ndi zitatu zotsalazo. Ndinagwada patali pang'ono. Ndinali nditakonza mawu miyezi itatu, koma onse anandithawa. Iwo sankayang'ana ine. Ankayang'ana mutu wa mwana umene unatulukira paphewa langa.

"Uyu ndi uja?"

"Eya, ambuje."

"Wakula. Chifuwa chija?"

"Chinatha."

"Sichinabwerenso?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu. Anasuntha chubu m'madzi, gawo ndi gawo, kufuna pobooka. Tinthovu tinatuluka, anaikapo chala.

"Mafuta aja munaiwala," anatero.

"Ndinaiwala, ambuje."

"Ndinadziwa. Kumene ndinali anandiuza kuti inkalira kwambiri."

Anatulutsa chubu, kuchipukuta pa thalauza, n'kuyamba kupala pobookapo. Ndinakhalabe chogwada, ndikudikira kuti anene china, andifunse, anditukwane. Munthu wina anafika akukankha njinga, ambuje anamupatsa moni, namufunsa ngati ndi la kutsogolo kapena la kumbuyo. Ndinadzuka n'kukagula makala.

Ndimadutsa pamtengopo tsiku lililonse tsopano. Mwana wanga amayenda yekha, ndipo akawaona amandisiya dzanja n'kuthamangira kukaimba belu la njinga imene akukonza. Iwo amamusiya aimbe. Ine ndimaima panjira, ndikuyang'ana galimoto zodutsa, mpaka atamaliza.